Foda imodzi, manambala atatu: tikhulupirire chida chiti?

Mlungu womaliza wa semesita yapitayi, m'chipinda cha makompyuta munabuka mkangano umene poyamba tinkauona ngati wachibwana. Gulu lathu linali litamaliza pulojekiti ya kalasi, pulogalamu yosungira mayina ndi malipiro a ophunzira, ndipo chotsala chinali lipoti lokha. Pa tsamba lina la lipotilo pankafunika kulemba kukula kwa pulogalamuyo: ili ndi mizere ingati? Mnzathu wina anayendetsa cloc pa laputopu yake. Wina anati iye amakhulupirira tokei. Wachitatu, amene sakonda zoika mapulogalamu atsopano, anagwiritsa ntchito wc -l, imene imabwera kale mu Linux. Foda inali imodzi yomweyo, koma manambala anatuluka atatu, ndipo yaikulu inatalikirana ndi yaing'ono moti sitikanatha kunena kuti kwangophonyeka pang'ono. Linali Lachisanu masana, aliyense akufuna kutseka laputopu dzuwa lisanalowe. Ndiye wina anati, "Tingolemba yaikuluyo basi, aphunzitsi aone kuti tinakhetsa thukuta."

Sitinalembe nambala imeneyo, ngakhale kunena zoona inatikopa. Mlungu wotsatira tinakhala pansi n'kufufuza kumene manambala atatuwo anasiyanira, ndipo zimene tinapeza n'zimene zatichititsa kulemba nkhaniyi. Maganizo athu ndi awa: funso lakuti chida cholondola ndi chiti lili nalo yankho, koma yankholo limangothetsa kachigawo kakang'ono ka vuto. Kusiyana kwina kumabwera chifukwa chida chalakwitsadi. Kusiyana kwakukulu kumabwera chifukwa zidazi sizigwirizana pa zimene ziyenera kuwerengedwa. Munthu amene watipatsa nambala ya mizere osatiuza kuti anawerenga ndi chiyani, ndiponso kuti anasiya ziti, kwenikweni sanatiuze kanthu.

Tiyambe tathandiza makolo ndi abale athu amene amawerenga magaziniyi koma sanaphunzire zamakompyuta. Pulogalamu iliyonse, kaya ndi WhatsApp kaya ndi ija yolembera malisiti ku ofesi ya zachuma, imalembedwa ndi munthu, mzere ndi mzere, m'chiyankhulo monga Python, Java kapena C. Zolembedwazo timazitcha code. M'fayilo ya code mumakhala mizere ya mitundu itatu. Ina ndi malangizo enieni amene kompyuta imatsatira. Ina ndi ndemanga, zimene pa Chingerezi timati comment: mawu amene wolemba amasiyira mnzake, kapena amadzisiyira yekha, kufotokoza chimene malangizowo akuchita, ndipo kompyuta imangowadumpha. Ina ndi mizere yopanda kanthu, yongopatula ndime kuti maso asatope. Ntchito ya zida zimene tikukambazi ndi kutsegula mafayilo onse a m'foda, kuzindikira chiyankhulo cha fayilo iliyonse, n'kugawa mizere yake m'magulu atatuwa. Kumva kwake ngati ntchito yophweka.

Aliyense amene anagulapo chimanga pamsika akudziwa kuti ndowa ziwiri zimatha kusiyana m'njira ziwiri. Pali ndowa yogogodedwa kunsi, imene imaoneka yodzaza pomwe yadya gawo la chimanga chanu. Imeneyo ndi ndowa yolakwika, ndipo palibe zokambirana. Koma palinso ogulitsa awiri a ndowa zabwinobwino, wina amasalaza pamwamba ndi dzanja, wina amaunjika mpaka kaphiri. Palibe wakuba pa awiriwa. Chofunika ndi kudziwiratu kuti mukanena kuti "ndowa" mukutanthauza iti. Zida zowerengera code zili ndi mavuto onse awiri, ndipo kuwasakaniza ndi kumene kumabweretsa mikangano ngati wathu uja.

Za wc -l tisachedwepo. Lamulo limeneli silidziwa chiyankhulo chilichonse. Limangowerenga zizindikiro zosaoneka zimene zimakhala kumapeto kwa mzere, zija zimalowa mukadina Enter. Malangizo, ndemanga, mzere wopanda kanthu, zonse kwa ilo ndi chimodzimodzi. Ngati mzere womaliza wa fayilo ulibe chizindikirocho, suwerengedwa n'komwe. Pa ntchito yake sililakwitsa. Limangoyankha funso lina, osati lathu.

Mpikisano weniweni uli pa cloc, tokei ndi scc. Ya kale pa zitatuzi ndi cloc, imene Al Danial anailemba m'chiyankhulo cha Perl ndipo inayamba kupezeka mu 2006. Imadziwa ziyankhulo mazanamazana, ndipo ndi imene anthu ambiri amaitchula m'malipoti. Kawerengedwe kake ndi aka: imawerenga mizere yopanda kanthu n'kuichotsa, kenako imasakasaka zizindikiro zotsegulira ndi zotsekera ndemanga n'kufufuta zonse zapakati pake, ndipo zotsalazo imati ndi code. M'ziyankhulo monga C, Java ndi JavaScript, ndemanga yaitali imatsegulidwa ndi /* n'kutsekedwa ndi */. Vuto limabwera zizindikiro zomwezi zikapezeka m'kati mwa mitengero, kumene sizitanthauza ndemanga koma ndi mawu wamba oti pulogalamu iwasindikize. Taonani mizere inayi iyi:

printf("Yambani apa /* ");
ndalama = ndalama + 500;
otsala = otsala - 1;
printf(" */ mwamaliza");

Yonse inayi ndi malangizo, ndipo kompyuta idzaitsatira yonse. Koma cloc, mukaisiya mmene imabwerera, imaona /* pamzere woyamba ndi */ pamzere womaliza, n'kuwerenga mizere iwiri yapakatiyo ngati ndemanga. Apa ndowa yagogodedwa. Tiyenera kumuyamikira mwini wake chifukwa sabisa: m'malangizo a cloc analembamo poyera kuti chidachi sichimasulira chiyankhulo mmene compiler imachitira, anatchula vuto lomweli, ndipo anaikamo njira ya --strip-str-comments yoti ilichepetse. Koma ndi angati mwa ife amene timawerenga malangizo mpaka kumapeto?

Wina anganene kuti chitsanzochi n'chochita kupanga, palibe amalemba choncho. Ifenso tinaganiza motero mpaka titakumbukira mmene timauzira pulogalamu kuti itenge zithunzi zonse za m'foda: "zithunzi/*.jpg". Taonani bwino, muli /* m'menemo. Ngati kumunsi kwa fayilo yomweyo kuli ndemanga yeniyeni yothera ndi */, mizere yonse yapakati, kaya ndi khumi kaya ndi zana, ikhoza kumezedwa. Chopweteka n'chakuti chida sichikuchenjezani. Chimangotulutsa tebulo lake looneka bwino, manambala ali m'mizere yowongoka.

Zida ziwiri zatsopanozi zinatenga njira ina. tokei inalembedwa m'chiyankhulo cha Rust, ndipo scc anailemba Ben Boyter m'chiyankhulo cha Go. Zonse ziwiri zimayenda m'fayilo kuyambira koyamba mpaka kumapeto zikukumbukira pamene zili: tsopano ndili m'malangizo, tsopano ndalowa m'mitengero, tsopano ndalowa m'ndemanga. Zikakumana ndi /* zili m'kati mwa mitengero, zimadziwa kuti ndi mawu chabe n'kupitirira. Zimadziwanso kuti m'ziyankhulo zina, monga Rust, Swift ndi Haskell, ndemanga ikhoza kukhala m'kati mwa ndemanga inzake, pomwe mu C ndemanga imathera pa */ woyamba amene wapezeka. Kuwonjezera apo zimathamanga kwambiri kuposa cloc, ngakhale pa pulojekiti ya kalasi liwiro limenelo simungalione.

Ndiye ngati funso ndi lakuti ndi chida chiti chimene chimasiyanitsa bwino malangizo ndi ndemanga m'fayilo imodzi, ife tikuti tokei ndi scc zili patsogolo, chifukwa njira yake ikufanana ndi mmene chiyankhulo chenichenicho chimawerengedwera. Sitikunena kuti sizilakwitsa. Palibe pa zitatuzi chimene chili compiler, ndipo chiyankhulo chilichonse chili ndi timakona take: njira zachilendo zolembera mawu aatali mu PHP ndi mu Bash, mitengero ya mitundumitundu mu C++, ndi zina zotero. Pa timakona timeneti chida chilichonse chimapunthwa pake.

Palinso kulakwitsa kwa mtundu wina kumene kumachitika kuwerenga kusanayambe n'komwe: kuphonya chiyankhulo. Zidazi zimadalira kwambiri zilembo zakumapeto kwa dzina la fayilo. Koma .h ikhoza kukhala C, C++ kapena Objective-C. Fayilo ya .m ikhoza kukhala Objective-C kapena MATLAB, ndipo mu MATLAB ndemanga imayamba ndi %, chizindikiro chimene mu Objective-C ndi cha masamu. Fayilo ya .pl ikhoza kukhala Perl kapena Prolog. Chida chikaphonya apa, malamulo onse amene chigwiritse ntchito pa fayiloyo ndi a chiyankhulo china. Chida chakale cha SLOCCount, chimene David A. Wheeler analemba, mtundu wake womaliza unatuluka mu 2004, Go, Rust ndi Kotlin zisanabadwe. Mukachipatsa pulogalamu ya masiku ano, mafayilo ena chimangowadutsa ngati palibe.

Zimenezi ndiye zolakwika zenizeni. Koma titafufuza foda yathu, tinapeza kuti mbali yake pa kusiyana kwa manambala athu inali yochepa zedi. Gwero lalikulu linali la ndowa yosalaza ndi ndowa ya kaphiri.

Tengani Python, chiyankhulo chimene ambiri a ife tinayambira. Pansi pa dzina la function timakonda kulemba mawu ofotokozera m'kati mwa mitengero itatu, amene amatchedwa docstring. Kodi ndi ndemanga kapena ndi code? Kwa munthu wowerenga ndi ndemanga, chifukwa akungofotokoza. Kwa Python si ndemanga, chifukwa pulogalamu ikamayenda imawasunga, ndipo mukhoza kuwaitanitsa ndi help(). cloc imawawerenga ngati ndemanga pokhapokha mutaiuza --docstring-as-code. tokei imawawerenga ngati code pokhapokha mutasintha m'fayilo yake ya zosankha. Ndani walakwa? Palibe. Koma wophunzira amene amafotokoza bwino ntchito yake adzaoneka wolimbikira pa chida china, ndi waulesi pa chinzake. N'chimodzimodzi ndi fayilo ya HTML yokhala ndi JavaScript ndi CSS m'kati mwake: tokei imatha kuzipatula n'kuonetsa chilichonse pachokha, pomwe zida zina zimangoti fayilo yonse ndi HTML. Aliyense wa ife anakumanapo ndi zofanana ndi zimenezi polemba asayimenti ya mawu 2,000, pamene umafunsa ngati mawu a m'munsi mwa tsamba ndi mndandanda wa mabuku nawonso akuwerengedwa. Mu Microsoft Word muli kabokosi kongodina, nambala n'kusintha.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi funso la mafayilo: awerengedwe ati? Pulogalamu ya masiku ano siilembedwa yonse ndi eni ake. Mukalemba npm install, mu foda ya node_modules mumatsika mafayilo ambirimbiri olembedwa ndi anthu amene simudzawaona. tokei ndi scc zimalemekeza fayilo ya .gitignore, ndiye ngati node_modules yatchulidwa m'menemo, zimaidumpha. cloc imalowamo n'kuwerenga zonse, pokhapokha mutaiuza --exclude-dir kapena --vcs=git. Apa ndi pamene panachokera phompho la pakati pa manambala athu. Koma cloc ili ndi khalidwe lina lobweza nambala pansi: ikapeza mafayilo awiri ofanana ndendende, imawerenga imodzi yokha, pomwe scc muyenera kuchita kuiuza kuti itero. Palinso mafayilo opanikizidwa, monga jquery.min.js, kumene laibulale yathunthu yathinitsidwa m'mizere iwiri kapena itatu yaitali zedi. Ntchito ya anthu ambiri ya zaka zambiri imawerengedwa ngati mizere itatu, pomwe fayilo imene makina alemba okha m'kamphindi imawerengedwa ngati mizere zikwi.

Si vuto la ana asukulu okha. Kumayambiriro kwa 2025 nkhani inafala yakuti kernel ya Linux yadutsa mizere 40 miliyoni. Nambalayo ndi yoona, koma ndi ya ndowa ya kaphiri: muli ndemanga, mizere yopanda kanthu ndi mafayilo a malangizo. Komanso mizere mamiliyoni angapo ili m'mafayilo a driver ya makadi a zithunzi a AMD, ndipo yambiri mwa imeneyo ndi mindandanda yotulutsidwa ndi makina, osati yolembedwa pamanja. Ma bar amitundumitundu amene GitHub imaonetsa pambali pa pulojekiti nawonso sawerenga mizere n'komwe. Amayeza kukula kwa mafayilo mu ma byte, ndipo amasiya dala mafayilo obwereka ndi opangidwa ndi makina. Munthu akayerekeza peresenti ya pa GitHub ndi tebulo la cloc, akuyerekeza kilogalamu ndi ndowa.

Tiyerekeze kuti zida zonse zagwirizana pa zonsezi. Patsalabe funso lakuti mzere n'chiyani. Lamulo lakuti if (malipiro == 0) letsa(); likhoza kulembedwa pamzere umodzi. Wina angaligawe pa mizere iwiri. Wina, wokonda kuika mikutiro iliyonse pamzere wakewake, adzalifikitsa pa mizere inayi. Kompyuta ichita chinthu chimodzi chomwecho. Zida zokonza maonekedwe a code, monga Prettier ndi Black, zikhoza kusintha chiwerengero cha mizere ya pulojekiti yonse m'masekondi ochepa popanda kusintha kanthu pa zimene pulogalamu imachita. N'chifukwa chake akatswiri amasiyanitsa mizere yooneka ndi maso ndi malamulo enieni amene ali m'mizeremo. Mu 1992, Robert Park wa ku Software Engineering Institute, pa yunivesite ya Carnegie Mellon, anatulutsa chikalata chathunthu chokhala ndi mndandanda wa mafunso oti munthu ayankhe asananene kuti wawerenga mizere: ndemanga zilimo kodi, nanga code yobwereka, nanga yopangidwa ndi makina? Chida cha Unified Code Count cha ku University of Southern California chimayesa kuwerenga malamulo enieniwo. Koma cloc, tokei ndi scc zonse zimawerenga mizere yooneka. Zaka zoposa makumi atatu zapita chitulukire chikalata cha Park, ndipo ife tikulembabe nambala m'lipoti osayankha ngakhale funso limodzi mwa mafunso akewo.

Chimene chinatiseketsa kwambiri chili kumunsi kwa zotsatira za SLOCCount ndi scc. Zidazi zikamaliza kuwerenga zimakuuzaninso ndalama zimene pulogalamuyo ikanadya, m'madola. Zimagwiritsa ntchito COCOMO, njira yoyerekezera imene Barry Boehm anafalitsa mu 1981 m'buku lake la Software Engineering Economics, atasanthula mapulojekiti 63. Mu SLOCCount masamu ake ndi awa: mutenge mizere m'zikwi, muikweze ku mphamvu ya 1.05, muchulukitse ndi 2.4, ndipo yankho ndi miyezi imene munthu mmodzi akanagwira ntchito. Pulogalamu ya mizere 5,000 imatuluka miyezi 13. Chidacho chimaganiza kuti wolembayo amalandira madola 56,286 pachaka, n'kuchulukitsanso ndi 2.4 kuti muphatikizidwe zolipira zina za kampani, ndiye mtengo umafika pafupifupi madola 146,000. Ya mizere 10,000 imatuluka miyezi pafupifupi 27. Tsopano ganizani wophunzira amene waiwala kuchotsa node_modules. Chida chidzamuuza mosanyinyirika kuti pulojekiti yake ya miyezi itatu ndi ya madola mamiliyoni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala yolakwika ija yavala suti ya masamu, ndipo masamuwo anachokera ku mapulojekiti a ku America a zaka za m'ma 1970 ndi kumbuyo kwake, pamene kunalibe zoti munthu n'kukopera laibulale pa intaneti.

Mwina mukufunsa kuti bwanji tikutaya nthawi pa manambala amene palibe amafa nawo. Chifukwa manambalawa amagamula milandu. M'gulu lathu lomwe lija, titatsegula tsamba la GitHub loonetsa zimene aliyense anawonjezera, amene anatsogola kutali ndi mnzathu amene tsiku lina anakopera mafayilo a Bootstrap n'kuwaika mu pulojekiti. Ntchito ya mphindi zisanu. Wotsalira kumapeto anali mlongo wathu amene anakhala masiku atatu akusaka chifukwa chimene malipiro a wophunzira mmodzi ankalembedwera kawiri intaneti ikaduka pakati. Atachipeza anasintha mizere yowerengeka, n'kufufuta ina yambiri yobwerezabwereza imene enafe tinalemba mothamanga. Pa tchati anaoneka ngati munthu amene anangobwera kudzagwetsa zimene anzake anamanga. Malikisi akanagawidwa potengera tchaticho, amene anapulumutsa pulojekiti ndi amene akanalangidwa. Palibe chida, ngakhale cholondola chotani, chimene chikanakonza chilungamo chimenechi, chifukwa zida zonse zikanavomerezana kuti iye anachepetsa mizere.

Mbiri ya makompyuta ili ndi nkhani zotere. Mu 1982, mabwana a gulu lopanga kompyuta ya Lisa ku Apple anayamba kufuna kuti wolemba mapulogalamu aliyense azidzaza fomu mlungu uliwonse, kusonyeza mizere imene walemba. Bill Atkinson anali atangolembanso gawo lina la QuickDraw, pulogalamu yojambula zinthu pa sikirini. Gawolo linayamba kuthamanga pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa kale, ndipo linafupika ndi mizere pafupifupi 2,000. Pa fomu analemba -2000. Malinga ndi mnzake Andy Hertzfeld, amene anasimba nkhaniyi, patapita milungu yochepa anasiya kumupatsa fomuyo. Steve Ballmer wa ku Microsoft, polankhula mu filimu ya Triumph of the Nerds ya 1996, anadandaula kuti pamene ankapanga OS/2 limodzi ndi IBM, anzawowo ankafuna kuyeza ntchito ndi malipiro potengera zikwi za mizere, zimene zikanachititsa kuti wolemba mwaluso ndi mwachidule alandire zochepa. Edsger Dijkstra, mu 1988, analangiza kuti ngati tikufunadi kuwerenga mizere, tiziiona ngati zimene tawononga, osati zimene takolola. Mzere uliwonse ndi woti wina adzauwerenge, adzauyese, ndi kudzaukonza mwini wake atachoka.

Tisapitirire muyeso, komabe. Pali anzathu amene akamva nkhani zimenezi amathamangira kunena kuti kuwerenga mizere n'kopanda ntchito, ndipo ife sitikugwirizana nawo. Munthu amene wapatsidwa pulogalamu yoti aisamalire ayenera kudziwa ngati akulowa m'nyumba ya zipinda ziwiri kapena m'sitolo ya nsanjika. Kusiyana kwa mizere 3,000 ndi 300,000 ndi kwenikweni, ngakhale chida chitaphonya pang'ono. Tebulo la cloc limakuonetsani mwamsanga kuti pulojekiti imene eni ake akuti ndi ya Python theka lake ndi JavaScript, kapena kuti fayilo imodzi yatupa kuposa zinzake zonse ndipo ikufunika kuigawa. Wheeler yemweyo, mu 2001, anawerenga Red Hat Linux 7.1 n'kupeza mizere yoposa 30 miliyoni, poyerekeza ndi yoposa 17 miliyoni ya Red Hat Linux 6.2 imene anawerenga chaka cham'mbuyo. Manambala ake anali ndi phindu chifukwa anafotokoza tanthauzo la mzere limene anatsatira, ananena mmene anachitira ndi mafayilo obwereza, ndipo chida chake anachipereka kwa aliyense kuti wofuna abwereze kuwerengako. Kuyerekeza chinthu chimodzi pa nthawi ziwiri, ndi ndowa imodzi, kumatiuza zoona. Kuyerekeza anthu awiri, kapena ziyankhulo ziwiri, kapena manambala a zida ziwiri, kumeneko ndiye kudzinamiza. Ntchito imene Python imaimaliza m'mizere yochepa, Java imafuna yambiri, ndipo izi sizitanthauza kuti wa Java wagwira ntchito kuposa mnzake.

Pempho lathu kwa ophunzira anzathu ndi losavuta. Mukamalemba kukula kwa pulogalamu mu lipoti, tchulani chida ndi mtundu wake, lembani lamulo lonse limene munayendetsa, nenani mafoda amene munasiya, ndipo patulani code yanu ndi yobwereka. Ngati nthawi ilipo yendetsani zida ziwiri. Zikasiyana pang'ono musadandaule. Zikasiyana kwambiri musasankhe imene yakukomerani; uzani chida chilichonse kuti chionetse fayilo ndi fayilo, cloc ndi --by-file ndipo tokei ndi --files, ndipo mudzaona pamene pali vuto. Muyeso wotsiriza ndi maso anu: tengani fayilo imodzi yaifupi, muwerenge pamanja, muone chida chimene chagwirizana nanu. Nambala ya madola ija isiyeni pa sikirini pomwepo.

Kwa aphunzitsi athu, mwaulemu, tikupempha kuti tchati cha GitHub chikhale poyambira mafunso, chisakhale chigamulo. Kumuitana wophunzira kuti atsegule fayilo n'kufotokoza chifukwa chimene analembera motero kumatenga mphindi khumi, ndipo kumaulula zambiri kuposa tebulo lililonse. Kwa akuluakulu a masukulu, a zipatala ndi a mabizinesi ang'onoang'ono amene tsiku lina mudzalemba ganyu mmodzi wa ife kuti akupangireni pulogalamu: akadzakuuzani kuti mtengo wakwera chifukwa pulogalamu ili ndi mizere yochuluka, mufunseni kuti pa mizereyo yake ndi ingati, ndipo kenako muiwale za mizere. Mufunse ngati lisiti likutuluka lolondola, ngati zolembedwa zimapulumuka magetsi akazima mwadzidzidzi, ndiponso ngati munthu wina angathe kuikonza iye atapita.

Mu lipoti lathu tinalemba nambala ya tokei, titachotsa node_modules ndi foda ya Bootstrap, ndipo pansi pake tinaikapo lamulo lonse ndi chiganizo chonena kuti docstring zawerengedwa ngati code. Tinayendetsanso cloc pa mafoda omwewo ndi --docstring-as-code, ndipo nthawi imeneyi manambala awiriwo anayandikana. Kusiyana kotsalako tinakulondola mpaka tinakupeza m'fayilo imodzi ya JavaScript, pamzere wotenga zithunzi za ophunzira m'foda, ndi m'mafayilo awiri ofanana amene wina anakopera n'kuiwala kufufuta. Nambala imene tinapereka inali yaing'ono kuposa zitatu zoyamba zija. Mnzathu amene ankafuna yaikulu anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati tingawonjezere mzere umodzi mu lipoti, wonena kuti ndani anakonza vuto la malipiro olembedwa kawiri.